Adokotala anandibweza ndi nkhope yanga yosendeka: za tretinoin ndi filler

Lachiwiri lapitali kasitomala wanga wina, mayi amene amabwera kudzatenga makapulana ndi nsapato mwezi ukatha, anadikira mpaka anthu onse atatuluka mu shopu ndiye nkundifunsa motsitsa mawu, ati mana, ndamva kuti inu munabayitsa masayawa, ine ndimadzola retinol ndiye pa gulu lathu la WhatsApp akuti ukabayitsa filler, jelo uja amabaya kuti masaya adzadze, uku ukudzola retinol zonse zimasungunuka ndalama nkungolowa m'madzi, nzoona zimenezi? Ndinayamba ndaseka kaye chifukwa ine ndimayesa palibe akudziwa kkkk, Tete ndi yaing'ono abale, ukayetsemula ku Matundo a ku Chingodzi amva. Sindinamuyankhe bwino poti kunalowa anthu ena, ndiye ndati ndilembe pano, amene akufuna kundinena andinene atamva nkhani yonse.

Za kusungunukazo ayi, si zoona. Koma zinthu ziwirizi zinandivutitsadi, kungoti mwa njira ina imene pa WhatsApp paja sakuitchula.

Ine ziphuphu zinandiyamba nditakula kale, nditabereka mwana wachiwiri. Zimatuluka m'chibwanomu ndi m'nsagwada, zazikulu zopweteka, ndipo chiphuphu chilichonse chikapola chimasiya banga lakuda lokhala miyezi, ndiye nkhope yonse kumangooneka ngati nthochi yakupsa kwambiri. Ndinadzola zambiri, zina ndinena kutsogoloku. Mapeto ake dotolo wina wa khungu anandilembera reseita ya tretinoin 0.025%, ndikukagula ku famasiya. Kwa amene simukudziwa, tretinoin ndi mankhwala ochokera ku vitamini A, ndi akale ndithu, ku America anawavomereza mu 1971 ngati mankhwala a ziphuphu, za makwinya ndi mabangazi anthu anadzazindikira pambuyo. Retinol amene amakhala m'mabotolo okongola aja ndi mng'ono wake, ukadzola khungu limayenera kumusintha kaye kawiri kuti afike pokhala chimene tretinoin ali kale, nchifukwa chake ndi wofatsa komanso wochedwa. Palinso adapalene, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Differin. Onsewa ndi banja limodzi, ndipo khalidwe lawo nlimodzi, amafulumizitsa khungu lapamwamba kuti lizichoka msanga latsopano libwere, ndiye masabata oyambirira umayabwa, umauma, umasendeka, mpaka umadzifunsa kuti kodi ndikuchira kapena ndikuonjeza matenda. Dotolo uja anandiuza kuti usiku wokha, kadontho kofanana ndi njere ya nandolo nkhope yonse, uyambe usiku umodzi kudumpha awiri, ndipo usayembekezere kuona kanthu masabata 8 mpaka 12 asanathe. Anandifunsanso kawiri konse ngati ndili ndi pakati kapena ndikufuna kutenga pakati, poti woyembekezera sadzola zimenezi. Ndinamvera, ndipo patatha miyezi inayi anthu anayamba kundifunsa sopo amene ndikusambira.

Nanga filler anabwera bwanji. Chaka china ndinadwala nthawi yaitali ndikuonda kwambiri. Nditachira thupi linabwerera koma masaya anakana, anangolowa mkati chonchi, mizere ya m'mbali mwa mphuno nkuzama. Inu mukudziwa mmene anthu kwathu kuno amaganizira akaona munthu masaya alowa, safunsa, amangokuyang'ana kenako nkuyang'anana okhaokha. Mu shopu munthu kugula kapulana uku akukuuza kuti muzidya mana. Zinandikwana. Ndipo apa tretinoin sangathandize olo udzole chubu chonse, iye ntchito yake ndi pa khungu, pomwe chimene chinachoka kwa ine ndi mafuta a pansi pa khungu. Ndimapita ku Johannesburg kawiri katatu pachaka kukaoda katundu, ndiye alamu anga amene amakhala kumeneko anandipezera dotolo, tinapangana tsiku la mu Julayi.

Apa mpamene ndinapanga uchitsiru wanga. Ndinaganiza kuti poti ndikupita kukakonzetsa nkhope, bwanji ndikafike khungu lili losalala kale kuti zikathera pamodzi. Ndiye ndinasiya 0.025% ndikugula 0.05%, nkumadzola usiku uliwonse, osatinso njere ya nandolo koma ya nyemba zikuluzikulu zija. Ndiye sabata ziwiri ulendo usanafike ndinakwera chapa kupita ku Ulongwe kukasiya ana kwa amayi. Amene munakhalako ku Angónia mwezi wa Julayi mukudziwa, kuzizira kwake si kwa masewera, mphepo youma yong'amba milomo, m'mawa madzi ngati achokera mu firiji ndiye umasamba otentha kwambiri, sopo wake wamtanda yemweyo wochapira, madzulo nkukhala pafupi ndi moto nkhope ikuwawuka. Khungu loti lazolowera thukuta la ku Tete. Pofika tsiku lachisanu m'mbali mwa kamwa ndi mwa mphuno munali mutayera mbuu, ndikamwetulira ndimamva kung'ambika, Vaseline yemwe kumawawa. Amayi anandiyang'ana tikusankha mbatata pakhonde ati iwe mwana, nkhopeyi wapsa ndi chiyani, ukufundula ngati njoka bwanji. Ine ndi mwano wanga ndinati ndi mmene mankhwalawa amagwirira ntchito amayi. Ndipo usiku umenewo ndinadzolanso.

Ulendo wa basi mukuudziwa, Cuchamano, Harare, Beitbridge, makilomita pafupifupi 1,500 utakhala pampando, ndipo ku Johannesburg nakonso Julayi ndi chisanu chouma. Ndinagula katundu wanga masiku awiri, lachitatu ndikupita kwa adokotala nditapaka foundation yochindikala kubisa zosendekazo. Anali mayi wachikulire ndithu, wosayankhula zambiri. Anandipatsa kansalu konyowa kuti ndipukute zonse, nkundigoneka pa mpando uja, nkukokera nyale yokhala ndi galasi lokulitsa pankhope panga. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako ati mukudzola chiyani. Ndinati tretinoin. Yamphamvu bwanji, kangati pa sabata, mwadzola liti komaliza. Nditati dzulo usiku anazimitsa nyale ija nkunena kuti lero sindikubayani.

Abale ndinamva kutentha m'mimba. Ndinayamba kufotokoza za mtunda, za tikiti yobwerera, za shopu imene ndasiyira mtsikana, ndinafika mpaka ponena kuti ndisayina pepala kuti zikavuta mlandu ndi wanga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandipatsa kagalasi kuti ndidzione pansi pa nyale ija. Zimene ndimayesa kuuma chabe zinali timing'alu tofiira, tina tonyowa, ndendende pamene singano imayenera kudutsa. Ndiye anandifotokozera, ndipo ndi zimenezi ndimafuna kasitomala wanga uja amve.

Filler amene ambiri amabayitsa ndi hyaluronic acid, chinthu choti m'thupi mwathu chilimo kale, m'khungu, m'mfundo za mafupa, m'maso, ntchito yake kusunga madzi. Amachikonza kukhala ngati jelo kuti chisathe msanga, maina odziwika ndi monga Restylane wa ku Sweden amene ku America anamuvomereza mu 2003, ndi Juvéderm. Jelo ameneyu pa masaya amamuika pansi penipeni, nthawi zina pa fupa penipeni. Tretinoin amagwira pamwamba, safika kumeneko, ndipo alibe mphamvu yosungunula jelo. Chimene chimasungunula ndi jakisoni wina wotchedwa hyaluronidase, kapena thupi lokha pang'onopang'ono pakatha miyezi 6 mpaka 18 kutengera mtundu ndi malo. Ndiye vuto si loti awiriwa amadana ayi. Vuto ndi khomo lolowera. Khungu likang'ambika chonchija silitchinga tizilombo, mankhwala otsukira asanabaye amaotcha ngati tsabola, ndipo singano ikadutsa pa khungu lodwala ikhoza kutenga tizilombo nkukatisiya mkati pamodzi ndi jelo amene akhale mmenemo chaka chathunthu. Chotupa cha mtundu umenewo sichimva mankhwala msanga. Anawonjezanso china chimene chinandigwira mtima kwambiri, kuti ife a khungu lakuda paliponse pamene papsa kapena patupa pamasiya banga, ndiye ndikanatha kuchoka pamenepo masaya atadzadza koma ndi madontho akuda pamene panadutsa singano, omwewo amene ndakhala ndikulimbana nawo chaka chonse.

Madokotala amasiyana pa masiku, ena amati siya masiku awiri atatu usanabayitse, ena sabata. Koma zimenezo ndi za munthu amene khungu lake lili bwinobwino. Ine anati siyani zonse, sambani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa, mafuta wamba opanda fungo m'mawa ndi madzulo, mubwere pakatha sabata tidzaone, ndipo likadzakhala lisanapole ndidzakubwezaninso. Ndinafunsa ngati ziphuphu sizibwerera ndikasiya, anati zimene mwapindula miyezi yonseyi sizingathe ndi sabata imodzi.

Sabata imeneyo ndinakhala kwa alamu, kugona pa sofa, mabelo a katundu ali mbwee pabalaza ana awo akudumpha pamwamba. Tikiti ndinasintha ndi ndalama, ku shopu mtsikana uja kumangonditumizira mauthenga kuti wakuti akufuna ngongole ndimupatse? Ndikawerengera zimene ndinataya sabata imeneyo ndi matumba angapo a feteleza amene ndikanawatumizira amayi. Alamu anga ndi munthu wabwino koma pakamwa, tsiku lililonse ati alamu, kukongola kumafuna kupirira eti, uku akuseka.

Koma pali funso lina limene adokotala aja anandifunsa tsiku loyamba lija limene ndinayamba ndanama. Anati kupatula tretinoin, palinso china chimene munadzolapo, makamaka zoyeretsa khungu? Ndinati ayi. Anangondiyang'ana, nkuloza pamwamba pa tsaya pamene pamaoneka timitsempha tofiira. Ndinaulula kuti zaka za m'mbuyomo ndinadzolapo timachubu ta mumsika tija pafupifupi chaka, koma ndinasiya kalekale. Tonse timatidziwa timachubu timeneti, tili m'misika monse kuyambira kuno mpaka ku Zóbuè ndi ku Calómuè, amagulitsa pamodzi ndi mafuta a tsitsi, ena amakusakanizira m'kabotolo kopanda dzina. Tambiri timakhala ndi steroid, mankhwala oletsa kutupa ndi kuyabwa, wamphamvu ngati clobetasol kapena betamethasone, tina hydroquinone woyeretsa khungu, ndipo steroid ukamudzola miyezi khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, bala limachedwa kupola, ukabayidwa magazi amaundana pansi pa khungu mosavuta. Ukamusiya mwadzidzidzi nkhope imalusa, ziphuphu ndi kuyabwa, ndiye umabwereranso kukagula, basi wagwidwa. Anthu timachita manyazi kunena kwa dotolo kuti timadzola zimenezi, ine ndemwe ndinachita manyazi, koma wogwira singano akuyenera kudziwa kuti khungu akubayalo ndi lotani. Anandifunsanso za timatuza ta pamilomo tija timatuluka munthu akadwala malungo, poti kubaya pafupi ndi milomo kumatha kutidzutsa, anafunsa ngati ndimatupa zipsera zikuluzikulu ndikavulala, ngati ndachotsa kapena kukonzetsa dzino posachedwa, ngati ndikumwa aspirin kapena ibuprofen poti zimenezi zimachulukitsa kuundana kwa magazi kuja. Mafunso anatenga nthawi yaitali kuposa kubaya kwenikweniko.

Nditabwerera khungu linali litapola. Kubayako sindikhalitsapo, anapaka mankhwala ochititsa dzanzi, nkutsuka, nkujambula timizere ndi pensulo yoyera. Chimene chinandidabwitsa ndi kuchepa kwake, sirinji imodzi ndi 1 ml basi, ukathira pa supuni ya tiyi sifika ndi theka lomwe, zisanu ndiye zimadzadza supuni. Ine anandibaya ziwiri, imodzi tsaya lililonse, ndalama zonse zija. Bokosi anatsegula ine ndikuona, kasitika ka nambala nkumata pa khadi langa, ndili nalo mpaka pano. Umamva kukankha mkati ndi kaphokoso kena kosasangalatsa pafupi ndi fupa, kupweteka kwenikweni ayi.

Atamaliza anandifunsa kuti basi yanu ndi ya liti. Ndinati mawa m'mawa. Anati ayi, khalani masiku atatu. Ndinangoti mayi awa andimaliza. Koma chifukwa chake ndi ichi, ngozi yaikulu ya filler si retinol, ndi jelo kulowa mu mtsempha wa magazi kapena kuutsekereza. Zikatero khungu la pamenepo limasowa magazi, limatuwa kapena kuda mwa mawangamawanga, ululu nkumakulirakulira mmalo mochepa, ndipo likapanda kuthandizidwa msanga limafa nkusiya bala. Pa mphuno ndi pakati pa nsidze mpoopsa kwambiri poti mitsempha ya pamenepo imalumikizana ndi ya diso, anthu ena anachita khungu. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika mankhwala ake ndi hyaluronidase uja, msangamsanga, osati mawa. Ndipo pa khungu lakuda kusintha kwa mtunduko sikuoneka msanga ngati pa mzungu. Anatsegula kabati nkundionetsa timabotolo take, ati mukakhala pa mzere wa pa Beitbridge usiku tsaya nkuyamba kupweteka, ameneyu mukamupeza kuti? Ndinakhala masiku atatuwo osatsutsa.

Tretinoin anati ndisayambe mpaka timabowo ta singano titatsekeka ndipo pasakhale pofiira kapena popweteka ndikakhudza, kwa ine anati sabata, ndipo ndibwerere ku 0.025% yanga, ya 0.05% ndiisiye. Masiku awiri oyamba osapaka zodzikongoletsera, osafikisa nkhope, osagwira ntchito yotulutsa thukuta, osakhala pa dzuwa kapena pamoto. Apa ndinaseka, ndinati adokotala kwathu ku Tete dzuwa silipempha chilolezo. Mwayi wake unali mwezi wa Ogasiti kusanayambe kutentha kwenikweni. Ukanakhala Okutobala kapena Novembala, pamene kuno kumapitirira madigiri 40 mpaka mpando wa txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, kumaotcha, sindikudziwa kuti kutupako kukanatha liti. Tsaya lakumanzere linatupa kuposa linzake masiku angapo, ndimangodziyang'ana pa foni mu basi monse, koma pofika sabata ziwiri zonse zinakhazikika.

Nditayambanso kudzola ndinayamba ngati mwana wa sukulu, usiku umodzi kudumpha awiri, mafuta wamba pansi tretinoin pamwamba, m'mbali mwa kamwa ndi mphuno osafikamo. Ndipo protector solar, mafuta oteteza ku dzuwa aja, tsiku lililonse, amene ndi nkhondo ina payokha chifukwa ambiri amene amapezeka kuno amakusiya wotuwa ngati wagwa mu ufa, ndiye ukatuluka thukuta powoloka mlatho wa Samora Machel masana amayenderera nkulowa m'maso. Ndinayesa atatu ndisanapeze wondiyanja. Koma tretinoin wopanda choteteza ku dzuwa kuno ndi kutunga madzi ndi dengu, mabanga amene ukuchotsa usiku dzuwa limawabwezera masana. Chipewa ndi ambulera ndimayenda nazo, andiseke. Ndikapita ku Ulongwe nyengo yozizira ndimachepetsa, kawiri pa sabata basi, ndipo sopo ndimatenga wanga.

Pano ndikumva kuti kwabwera ena oyenda m'masaluni ndi kachipangizo kokhala ngati cholembera, akuti kamalowetsa filler m'milomo popanda singano, mtengo wake wotsika, kulipira pa M-Pesa pomwepo. Bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza anthu za tizipangizo timeneti mu 2021, kamawombera jelo ndi mphamvu ndipo palibe amene akudziwa kuti wapita kuya bwanji kapena wagwera pati. Komanso chimene chili mkatimo ndani wachiona? Pali zina zobaya zimene hyaluronidase sasungunula, monga silicone, zikalowa zalowa, kuchotsa kwake ndi mpeni. Ine sindiletsa munthu kudzikonza, ndingaletse bwanji poti ndinapanga, koma ndikanakhala ine ndikanafunsa kuti bokosi lili kuti, wobayayo anaphunzira kuti, ndipo zikavuta usiku uno hyaluronidase ali naye? Ndiye tsono taganizani mtsikana woti akudzola zosakaniza za mumsika, khungu lapyapyala kale, milomo yosweka, nkumuwombera zimenezo mu saluni momwe akuwotcha tsitsi.

Ngati mukufuna maganizo anga, pa ziwirizi chimene chandithandiza kwambiri ndi kachubu kotchipa ka tretinoin kaja, chaka ndi chaka, bola kuleza mtima. Filler anachita chinthu chimodzi chimene kachubu sikakanatha, anthu anasiya kundiuza kuti ndizidya. Papita chaka ndi miyezi ingapo tsopano, ndikuona kuti wayamba kuchepa, ndipo sindinaganize ngati ndibwererenso, mwana wamkulu akulowa sekondale ndiye ndalama zili ndi kopita.

Kasitomala wanga uja anabweranso dzulo, ndinali nditamuuza kuti abweretse retinol wakeyo ndimuone. Anatulutsa m'chikwama kachubu kofinyidwa mpaka kumapeto, akuti anagula kwa mayi wina amene amabweretsa kuchokera kunja, wadzola miyezi isanu ndi iwiri ndipo akangodumpha masiku awiri nkhope imayabwa. Zilembo zake zing'onozing'ono moti ndinachita kujambula ndi foni nkukulitsa. Mawu oti retinol panalibe paliponse. Panalembedwa hydroquinone, tretinoin, ndi mometasone, ameneyo ndi steroid. Ndinamuonetsa pa foni paja liwu ndi liwu, nkumuuza kuti za masaya ziyambe zadikira, atenge kachubu komweko apite nako kwa dotolo wa khungu akamuuze kasiyidwe kake, asangosiya yekha lero. Anakayang'ana nthawi yaitali, ati koma mana kanandiyeretsa bwino. Kenako anakabwezera m'chikwama, nkundipatsa theka la ngongole ya makapulana, lina akuti mwezi ukatha.